A Phiri onse a ku Dedza ndi amodzi? Kuwerenga George Redmonds ndi maso a kuno

Mwezi wathawu mnyamata wina wa m'kalasi mwanga anabwera ndi mutu wa kafukufuku wake atautayipa kale bwinobwino. Amafuna kulondola mabanja onse a Phiri a m'boma la Dedza, kuyambira m'mabuku a ubatizo a ku mishoni mpaka m'kaundula wa zitupa za unzika wa 2017, kuti apeze kholo lawo loyamba. Nditamufunsa kumene watenga nzeruyi anati, "Aphunzitsi, ku England amachita zimenezi, ndipo zimatheka." Sananame. Amachitadi, mpaka ali ndi bungwe lawo, Guild of One-Name Studies, lomwe linayamba mu 1979, ndipo membala wake amatenga dzina limodzi n'kumalisaka paliponse pamene linalembedwa. Ndinamubwereka buku la George Redmonds la mu 1997, Surnames and Genealogy: A New Approach. Usiku womwewo ndinayamba kudzifunsa ngati ndamuthandiza kapena ndamusocheretsa.

Redmonds anathera moyo wake pa mayina a dera limodzi, West Riding ya ku Yorkshire, makamaka midzi yozungulira Huddersfield. Mkangano wake unali ndi akatswiri olemba madikishonale a mayina, monga P. H. Reaney amene buku lake linatuluka mu 1958. Iwo ankati akafuna tanthauzo la dzina, amafufuza pamene dzina lofanana nalo linalembedwa kale kwambiri, kaya n'kummwera kaya n'kumpoto kwa dziko, n'kunena kuti gwero ndi limenelo. Redmonds anakana. Anati kufanana kwa zilembo si umboni. Ngati ukufuna kudziwa kumene dzina la munthu wa lero linachokera, ubwerere nalo m'mbuyo m'badwo ndi m'badwo, m'mapepala a dera lomwelo, ndipo pamene chingwe chaduka uvomere kuti chaduka.

Mapepalawo kwawoko alipo, ndipo n'chifukwa chake njirayi imagwira. Mabuku a bwalo la milandu la Wakefield alipo kuyambira mu 1274. Pali mndandanda wa okhoma msonkho wa pamutu wa mu 1379. Kuyambira mu 1538 parishi iliyonse inalamulidwa kulemba ubatizo, ukwati ndi maliro. Boma linayamba kulemba obadwa ndi omwalira mu 1837, ndipo kalembera wa mu 1841 analemba anthu ndi mayina awo. Munthu wofatsa angathe kutsatira banja limodzi zaka 600 osachoka m'chigwa chimodzi.

Gawo limene ndimalikonda, ndipo ndi limene limatikhudza ife a zinenero, ndi la mmene dzina limasinthira m'kamwa ndi m'cholembera. Dzina la Armitage linachokera ku malo otchedwa Hermitage pafupi ndi Huddersfield: h anagwa, er anasanduka ar, monga mmene anthu a kumeneko ankayankhulira. Mlembi wa parishi ankalemba zimene khutu lake lamva, ndipo akamva dzina lachilendo ankalikokera ku liwu limene akulidziwa. Redmonds amakhalitsanso pa anthu olembedwa ndi mayina awiri, wakuti amene amatchedwanso wakuti, ndipo amaonetsa kuti nthawi zina awo si mayina awiri koma dzina limodzi lomwe lili pakati posintha. Apa bukuli ndi lokoma. Limaphunzitsa kusakhulupirira pepala popanda kulinyoza.

Koma ndinene poyera kuti si buku lowerenga utagona pamphasa. Zitsanzo zimangotsatizana, mudzi uwu, mudzi uwo, ndipo ngati Yorkshire suimudziwa umafika pena n'kutaya njira. Vuto lalikulu si limenelo. Njira yonseyi yaima pa mwala umodzi umene mlembiyo sanafunike kuutchula, chifukwa kwawo ndi wodziwikiratu: dzina limachoka kwa bambo kupita kwa mwana, silisintha mwadala kawirikawiri, ndipo linayamba ndi munthu mmodzi kapena anthu ochepa pa malo odziwika. Amayi amangowoneka pa tsiku la ukwati kenako n'kumira m'dzina la mwamuna. Ngakhale umboni wa magazi umene unabwera pambuyo pake ukutsata njira yomweyo. Mu 2000 Bryan Sykes anayeza amuna a dzina lake, lomwenso ndi la ku Yorkshire, napeza kuti pafupifupi theka anali ndi chizindikiro chimodzi pa Y chromosome, imene mwana wamwamuna amatenga kwa bambo ake. Koma Redmonds yemweyo, m'buku limene analemba ndi Turi King ndi David Hey mu 2011, akuvomereza kuti zimenezi zimaoneka kwambiri pa mayina osowa. Pa dzina ngati Smith, lomwe mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo wake, palibe kholo limodzi loti ulipeze.

Ndiye Phiri ndi Armitage kapena ndi Smith? Ine ndikuti si chilichonse mwa ziwirizi, ndipo apa m'pamene mnyamata wanga uja akanagwera m'mbuna.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Pa fomu ya Chingerezi pamene pafunsidwa surname, ife timamasulira kuti dzina la bambo, ena dzina la makolo, ena mfunda, ena chiwongo. Izi si zinthu zofanana. Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Nkhoma ndi mifunda, mayina a mafuko akuluakulu amene amadutsa malire a maboma ngakhale a mayiko. Mfunda ndi wolemekezera ndi wothokozera: ukalandira chakudya umatchula mfunda wa mwini, ndipo mayi amaitanidwa kuti Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma, osati ndi mfunda wa mwamuna wake. Liwu loti chiwongo nalonso lili ndi nkhani yake, chifukwa ndi m'bale wa isibongo la Chizulu, ndipo linabwera ndi Angoni. Olemba mbiri ambiri amati kale mfunda wa Mchewa unkatsata kwa mayi, monga mmene mbumba ndi ufumu zimatsatira, ndipo kuutenga kwa bambo kunafala pambuyo pake. Ngati zili choncho, ndiye kuti penapake m'mibadwo ya banja lililonse dzina linalumpha kuchoka ku mzere wina kupita ku wina, ndipo palibe mlembi amene analemba tsiku lake. Ku Dedza, kumene Achewa a kwa Kaphuka, Angoni a kwa Kachindamoto ndi Ayao a kwa Tambala akhala akukwatirana kwa zaka zoposa 100, kulumphako sikunachitike nthawi imodzi.

Chitsanzo chophweka n'chimene ndimapereka m'kalasi. Malawi ndi Zambia akhala ndi atsogoleri atatu a dzina la Banda. Kamuzu anali wa ku Kasungu, ndipo ngakhale dzina loti Hastings anachita kulitenga kwa mmishonale. Joyce Banda anabadwa ali Mtila, u-Banda ndi wa ukwati. Rupiah Banda anabadwira ku Gwanda, ku Zimbabwe ya lero, kumene makolo ake anapita kukagwira ntchito. Munthu amene angawaike atatuwa pa mtengo umodzi wa banja chifukwa cha dzina, timuseka, eti? Koma ndi zomwezo zimene timachita tikamasonkhanitsa a Phiri a m'mabuku a mishoni.

Kenako pali amene pa chitupa alibe mfunda n'komwe. Mwana amapita kukayamba sukulu, aphunzitsi amafunsa kuti bambo ako ndani, iye n'kutchula dzina loyamba la bambo akewo, Jailosi kapena Wilisoni, basi limenelo lakhala la banja. Mkulu wake analembetsa ndi dzina la agogo. Mlongo wawo analeredwa kwa amalume ndipo anatenga la kumeneko. Ana a mimba imodzi, mayina atatu. Onjezerani kuti munthu ankasintha dzina ku chinamwali, n'kulandira lina pa ubatizo, n'kudzipatsa lina popita ku Joni pa Wenela kapena ku mafamu a ku Salisbury. Ambiri a iwo sanabwerere, ndipo n'chifukwa chake woimba wa ku South Africa Ray Phiri, amene bambo ake anachokera ku Malawi, anali ndi mfunda wa kuno.

Msampha umene umandiopsa kwambiri ndi wa kulowa dzina. M'mapepala a atsamunda mupeza dzina la nyakwawa lomwelo mu 1910, mu 1935, mu 1960. Wowerenga amene waphunzira kwa Redmonds aganiza kuti wapeza agogo, bambo ndi mwana. Pamene mwa Achewa wolowa dzina nthawi zambiri ndi mphwake wa malemuyo kapena mwana wa mlongo wake, ndipo akalowa amatchedwa ndi dzinalo ngati kuti ndi munthu yemwe uja. Pepala silinaname. Wanama ndi wowerenga amene wabwera ndi chibale cha ku Yorkshire m'mutu.

Mapepala athunso ndi aafupi. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, Nkhoma mu 1896, Mua mu 1902, ndipo mabuku awo analemba okhawo amene analowa mpingo. Moto wa mu 1919 unapsereza zolemba zambiri za likulu la boma ku Zomba. Zimene zili ku National Archives n'zamtengo wapatali, koma zinalembedwa ndi anthu amene ankafuna msonkho ndi antchito, osati mibadwo. Kumene a ku Wakefield ali ndi zaka 700, ife tili ndi 130 zokhala ndi mabowo.

Nanga buku lija ndinamubwerekeranji? Chifukwa theka lake lina ndi lathu ndithu. Zimene Redmonds akunena za khutu la mlembi zikuchitika m'buku lililonse lakale la ubatizo. Kalembedwe kakale nthawi zambiri sikankaonetsa mpweya wa ph, th ndi kh, choncho Phiri amapezeka ali Piri. Nkhoma yemweyu ankalembedwa Mkhoma. Chimene ife timalemba ch ku Zambia amalemba c. Malamulo a kalembedwe a Chichewa Board a mu 1973 anakonza mawu a m'mabuku, koma mayina a anthu anatsala mmene mlembi woyamba anawasiyira. Ndipo amene anakhalako kunja akudziwa kuti Mngelezi akaona Phiri amawerenga Firi, ndipo ana ena obadwira kumeneko ayamba kudzitchula choncho. Hermitage anasanduka Armitage mwa njira yomweyi. Apa pali ntchito yeniyeni ya wophunzira zinenero, ndipo lamulo la Redmonds loti usalumikize anthu awiri popanda umboni wa m'badwo uliwonse likufunika kuno kuposa kwawo komwe.

Chimene bukuli lilibe, ndipo sindiliimba mlandu chifukwa silinalembedwere ife, ndi agogo aakazi. Kwathu kaundula wa mbumba ali m'mutu mwa ntchembere ndi mwa nkhoswe. Iwo ndi amene angakuuze kuti uyu wolembedwa Piri mu 1928 ndi yemwe uja mudzi unkamutcha dzina lina, ndipo kuti anabwera kudzakhala chikamwini kuchokera kutsidya kwa Linthipe. Samuel Ntara polemba Mbiri ya Achewa anayenda n'kumafunsa akuluakulu, ndipo sindikuona njira ina imene ingapose imeneyo pa nkhani ya mifunda.

Mnyamata uja anabweza buku patatha masabata atatu. Anali atapita kumudzi kukafunsa agogo ake aakazi za kholo loyamba la a Phiri. Akuti anamuyang'ana kaye, kenako anati, "Iwe, Phiri ameneyo ndi wa abambo ako, anabwera naye okha. Ife kuno ndife a Banda." Tsopano mutu wake wachepa: mudzi umodzi, mbumba ziwiri, ndi mmene munthu aliyense walembedwera m'buku la mpingo, ku sukulu ndi pa chitupa. Pa anthu khumi ndi awiri oyamba wapeza kale agogo ake aamuna ali ndi mayina anayi, ndipo limodzi mwa mayinawo palibe m'mudzimo amene akulikumbukira.