Luso Losankha Nsomba Zokhalira Limodzi

Thanki yaikulu yagalasi yodzaza ndi zomera za m'madzi imakopa maso, koma luso la mwini wake limaonekera pa nsomba zimene waikamo. Katswiri amayamba waganizira za madzi. Cardinal tetra, kansomba kofiira ndi buluu ka mumtsinje wa Rio Negro ku Brazil, kamakonda madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yosapitirira 7. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimafuna pH ya pafupifupi 8, zimadya ndi kuzula zomera, komanso zimalimbirana miyala. Ngakhale ndi zokongola, zimafunika thanki yawoyawo.

Kenako amagawa malo. Hatchetfish imasambira pamwamba, tetra pakati, Corydoras imafufuza chakudya mumchenga, pamene Otocinclus imapala ndere pamasamba osawaboola. Zoyenda pagulu amaziika zambiri, chifukwa zikachepa zimachita mantha n'kumabisala. Amaganiziranso za mawa: angelfish ikakula imameza neon tetra, ndipo tiger barb imaluma zipsepse zazitali za anzake. Zonsezi amaziphunzira poyang'anitsitsa ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Takashi Amano wa ku Japan anakweza lusoli. Mu 2015 anakonza thanki ya malita 160,000 kumalo oonetserako zamoyo za m'madzi otchedwa Oceanário de Lisboa. Iye ankakonda kuika gulu lalikulu la nsomba zing'onozing'ono za mitundu yochepa kuti zomera zionekere bwino. Amisiri otere tiziwalemekeza, chifukwa amayamba afunsa zimene nsomba iliyonse ikufuna asanatsate zokhumba za maso awo.