Luso la kuvundika khofi

Alimi ena a ku Colombia ndi ku Costa Rica akathyola khofi wakupsa, sathamangira kumusenda. Amathira zipatsozo m'migolo n'kutseka kuti mpweya usalowe, kupatula kabowo kapadera kotulutsa mpweya wochokera m'kati. Kwa masiku angapo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wa m'zipatsomo, fungo n'kulowerera mpaka m'njere.

Apa m'pamene pagona luso. Mlimi amayeza kutentha kwa mgolo, amanunkhiza madzi otsikira pansi, amalawa. Akangochedwa kuvundukula, khofi yense amanunkha viniga, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe. Mayi wodziwa kuphika thobwa sangadabwe nazo zimenezi. Kenako pamabwera kuyanika pa thandala, kutembenuza ndi manja kwa masabata, kuopa nkhungu.

Akatswiri olawa amagoletsa khofi pa mapointi 100, ndipo wosafika 80 sawerengedwa m'gulu lapamwamba. Wovundikidwa bwino amanunkhira chinanazi chakupsa kapena vinyo, moti ena amadandaula kuti si khofinso. Ine ndimati ndalama yake njoyenera, ngakhale imapweteka m'thumba, bola musamuthire mkaka ndi masupuni atatu a shuga.