Wotchi ya Jim ndi Tsitsi la Della

Khirisimasi ikamayandikira, pali kankhani kena kamene anthu a m'maiko ambiri amakonda kukawerenganso. Mutu wake ndi The Gift of the Magi, ndiye kuti mphatso ya anzeru a kum'mawa. Anakalemba ndi O. Henry wa ku America, amene dzina lake lenileni linali William Sydney Porter, ndipo kanatuluka koyamba m'nyuzipepala ya ku New York mu Disembala 1905. Ifenso takawerenga kangapo, ndipo tiyenera kuvomera kuti ulendo uliwonse kamatigwira mtima. Komatu nkhani ikhoza kugwira mtima isananene zoona zonse.

Nkhaniyi ndi ya banja losauka la achinyamata, Jim ndi mkazi wake Della, lokhala m'nyumba ya lendi ya madola 8 pa sabata. Malipiro a Jim atsika kuchoka pa madola 30 kufika pa 20. Mawa lake ndi Khirisimasi, koma Della wangosunga dola imodzi ndi masenti 87. Chuma chimene amanyadira chili pawiri pokha: tsitsi la Della lopitirira m'maondo, ndi wotchi yagolide ya Jim, imene kale inali ya bambo ake ndi agogo ake. Della agulitsa tsitsi lake pa madola 20 nagula unyolo wokongola womangira wotchiyo. Jim naye, osadziwa kanthu, wagulitsa wotchi kuti agulire mkazi wake zipeso zodula. Pokumana madzulo, unyolo ulibe wotchi, zipeso zilibe tsitsi.

O. Henry anatchuka ndi mathero odabwitsa otere, koma m'kuona kwathu ubwino wa nkhaniyi uli pena. Della anali ataona kuti wotchi yokongolayo inali pa kalamba kachikopa kakalekale, ndi kuti mwamuna wake nthawi zina ankaiyang'ana mobisa chifukwa cha manyazi. Jim naye anali atadziwa kuti mtima wa mkazi wake unatsalira pa zipeso zija za m'zenera la sitolo ya ku Broadway, ngakhale mkaziyo sankayembekeza n'komwe kuti angadzakhale nazo. Aliyense anali atamuyang'anitsitsa mnzake kwa miyezi. Kodi ndi angati mwa ife amene tingatchule, osayamba tafunsa, chimene mnzathu wa m'banja wakhala akuchilakalaka chaka chino? Ambirife timathamangira ku sitolo tsiku lomaliza, n'kubwerako ndi chitenje chofanana ndi cha chaka chatha.

Pamene tikusiyana ndi wolembayu ndi pa chigamulo chake. Amavomera ndithu kuti awiriwa anachita ngati ana opusa, komabe potsiriza amawaika pamwamba pa onse opereka mphatso, nawafanizira ndi anzeru aja a m'mutu 2 wa Uthenga Wabwino wa Mateyo Woyera, amene anapereka golide, lubani ndi mure. Fanizoli ndi lokoma m'khutu, koma likutsimphina. Anzeruwo anamasula chuma chawochawo napereka kwa Mwana wa m'banja lina. Pakati pa Jim ndi Della panalibenso chawochawo chotere. Mpingo umatiphunzitsa kuti okwatirana ndi thupi limodzi, ndipo Paulo Woyera, m'mutu 7 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, amafika pophunzitsa kuti munthu wa pabanja salamulira yekha ngakhale thupi lake lomwe. Tsono tsitsi lija Jim analinso nalo gawo, ndipo wotchi ija ndi chinthu chokhacho chimene banjalo likanagulitsa pa tsiku la matenda kapena ntchito itatha. Aliyense anatenga za onse awiri nagulitsa mwamseri, ndipo chinsinsi chomwecho ndicho chinasandutsa mphatso zonse ziwiri kukhala zopanda ntchito.

Kuno kwathu mfundoyi si yamasewera. Khirisimasi imatipeza mvula itagwa, nkhokwe zikupepuka, chimanga kumunda chikufuna feteleza. Bambo amene wagulitsa mbuzi ya pakhomo mwakachetechete kuti adabwitse mkazi wake ndi nsapato zatsopano angakhale ndi chikondi chenicheni ngati cha Jim. Koma pofika Febuluwale mayi yemweyo ndiye adzasowe chotereka pamoto.

Tisamulande O. Henry ulemu wake. Wamujambula bwino Jim pa mphindi yovuta ija: sakalipa, sadandaula, angomwetulira nanena kuti mphatsozo zisungidwe kaye, chakudya chiphikidwe. Ndi kufatsa kumene mabanja ambiri amakusowa zinthu zikalakwika. Koma pali kanthu kamodzi kamene wolembayu wakadumpha mofulumira. Della mwini amatonthoza mwamuna wake pomukumbutsa kuti tsitsi lake limakula msanga. Zipeso zingodikira nyengo yake. Wotchi ya agogo siphukanso. Nkhani ikutha Jim atangoulula zimene wachita, ndipo sitiuzidwa zimene Della anamva mumtima pozindikira kuti zipeso zake zadya cholowa cha makolo a mwamuna wake.