Kudziwa Omvera: Nthano za pa Wailesi za Julius Chongo ndi Chinyanja cha ku Kabwata

1. Mawu Oyamba

Pali funso limene aphunzitsi a Chinyanja a mu mzinda wa Lusaka amatifunsa kawirikawiri: kodi mwana wobadwira ku Kabwata, amene amati "nifuna manzi" pamene buku likuti "ndikufuna madzi", akulakwitsa Chinyanja kapena akuyankhula Chinyanja china? Mu nkhani ino tikufuna kuyankha funsoli pounika ntchito ya Julius Chongo, mlembi ndi wosimba nthano amene pologalamu yake ya Poceza M'madzulo inkamveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ganizo lathu ndi lakuti luso lalikulu la Chongo linali kudziwa amene akumumvera, ndipo kuti aphunzitsi ndi olemba mabuku a sukulu sadalitolebe luso limeneli.

2. Omvera a mu Lusaka

Lusaka idakhala likulu la dziko mu 1935. Anthu ofuna ntchito adabwera kuchokera ku madera onse, koma ambiri mwa oyambirira anali a kum'mawa: Achewa, Ansenga ndi Angoni. Chinyanja chinalinso chiyankhulo cha apolisi ndi asilikali. Ku Kabwata, atsamunda adamanga tinyumba tozungulira ta antchito achikuda, ndipo tina mwa ito tikuonekabe pa Kabwata Cultural Village. M'malo otere, momwe Mnsenga, Mbemba ndi Mtonga ankatunga madzi pa mpope umodzi, ndimo mudakulira Chinyanja cha m'tauni.

Chinyanja chimenechi chili ndi malamulo ake. Mgwirizanitsi wa mwininkhani woyamba ndi "ni-" osati "ndi-". Mphatikiram'mbuyo wa mayina a anthu ambiri ndi "ba-", choncho timamva "bana" m'malo mwa "ana". Kumene Mchewa wa ku Katete amati "zinthu", wa ku Kabwata amati "vinthu". Kumene amati "tsopano", uyu amati "manje". Izi sizichitika mwachisawawa. Mwana wa zaka zisanu amazitsata mosaphonya monga momwe mnzake wa ku mudzi amatsatira zake.

Tiyenera kuonjezera kuti omvera a mu Lusaka si gulu limodzi. M'nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi ku Woodlands ana amakula ndi Chingerezi, ndipo Chinyanja amachimvera kwa wantchito kapena pa basi. Ku Kabwata ndi ku Chelstone ziyankhulo ziwirizi zimasinthana m'chiganizo chimodzi. Woyankhula amene sadziwa kusiyana kumeneku amangoponya mawu m'tchire.

3. Chimene Chongo Adachita

Wosimba nthano pa mudzi amaona nkhope za omvera ake. Akaona kuti ana ayamba kusinza amayambitsa nyimbo. Akaona kuti akulu akuseka amaitalikitsa nkhaniyo. Omvera nawonso amamuthandiza povomereza ndi pothirira mang'ombe. Chongo analibe zonsezi. Anali yekha m'chipinda choulutsira mawu, ndipo omvera ake anali obalalika kuyambira ku Chipata mpaka ku makomboni a Lusaka. Womvera wa pa wailesi amamva mawu kamodzi kokha. Sangabwerere m'mbuyo monga amachitira wowerenga.

Njira zimene adagwiritsa ntchito pothana ndi vutoli tingaziike m'magawo atatu. Choyamba, ankasintha liwu lake kuti mtengambali aliyense adziwike ndi kayankhulidwe kake, kotero kuti womvera sankasokonezeka kuti akuyankhula ndani. Chachiwiri, ankadalira kwambiri mvekero. Pamene wosimba wa pa mudzi amaonetsa ndi manja mmene munthu adagwera, Chongo ankayika kugwako m'liwu limodzi lomveka m'khutu. Ngakhale dzina la buku lake, Fumbi Khoboo!, ndi umboni wa chizolowezi chimenechi. Chachitatu, ankalola mawu obwereka, makamaka a Chingerezi, kulowa m'kamwa mwa atengambali amene m'moyo weniweni akadayankhula motero.

Gawo lachitatuli ndi limene oteteza chiyankhulo amavutika nalo. Iwo amati mlembi amene alola mawu achilendo m'nthano akuthira madzi mu mkaka. Ife sitikugwirizana nawo. Mawu obwerekawo ankagwira ntchito: ankaonetsa yemwe ali wodzikuza, yemwe wangofika kumene m'tauni, ndi yemwe akufuna kuoneka wophunzira. Msana wa nthanoyo, ndiye kuti mawu a wosimba mwini wake, unkakhala m'Chinyanja chozama, chodzaza ndi miyambi ndi zining'a. Motero wa ku mudzi ankamva chiyankhulo chake, wa m'tauni ankadzizindikira yekha, ndipo aliyense ankaphunzirapo kayankhulidwe ka mnzake.

Katswiri wa ziyankhulo Allan Bell adaonetsa mu 1984 kuti owerenga nkhani pa wailesi ku New Zealand ankasintha katchulidwe ka mawu malingana ndi omvera a nyumba ya wailesi imene akuwerengerapo, ngakhale owerengawo anali anthu amodzimodzi. Chimene Bell adachipeza poyeza, Chongo ankachichita mwadala ngati luso, zaka zingapo m'mbuyo mwake.

4. Kuchoka pa Wailesi Kupita pa Pepala

Ernst Wendland ndiye adaunika nthano za Chongo mozama, poyamba m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala mu 1979, kenaka m'buku la mu 2004 limene lili ndi zina mwa nthanozo pamodzi ndi matanthauziro ake a m'Chingerezi. Tiyenera kumuthokoza, pakuti mawu a pa wailesi amauluka ndi mphepo. Komabe tiyenera kuvomereza kuti nthano ikalembedwa, omvera ake asintha. Liwu la nkhalamba ndi la mnyamata zimaoneka chimodzimodzi pa pepala. Mvekero umene unkagwedeza nyumba umasanduka zilembo zingapo ndi chizindikiro cha mfuu, ndipo m'Chingerezi umafuna chiganizo chathunthu choulongosola. Mphunzitsi amene apatsa ophunzira nthano zimenezi kuti aziwerenge chamumtima wawamana theka la ntchito ya Chongo. Nthanozi ziyenera kuwerengedwa mokweza.

5. Phunziro kwa Aphunzitsi

Kuyambira mu 1966, Chingerezi ndicho chinali chiyankhulo chophunzitsira kuyambira m'kalasi yoyamba. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996 idalola kuti ana ayambe kuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo cha m'dera lawo, ndipo mu 2014 boma lidalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za m'dziko muno. Lusaka idapatsidwa Chinyanja. Koma Chinyanja cha m'mabuku, chotsata kalembedwe kamene unduna wa zamaphunziro udavomereza mu 1977, chidatsamira pa Chichewa cha kum'mawa.

Tidakhalapo m'kalasi ina ku Kabwata momwe mphunzitsi ankawerenga nkhani ya mwana wopita kudambo kukatunga madzi. Ana adabwereza chiganizo chilichonse mokweza ndi mosalakwitsa. Atafunsidwa kuti mwanayo adapita kuti, kalasi yonse idangoti zii. Mphunzitsiyo, amene pa nthawi yopuma tidamumva akucheza ndi ana omwewo m'Chinyanja cha m'tauni, sadafune kuchigwiritsa ntchito pofotokoza, poopa kuti alendofe timuyesa wosadziwa ntchito. Anali ndi mfungulo m'thumba, koma adasiya chitseko chili chotseka.

Sitikunena kuti mabuku alembedwe m'chiyankhulo cha pa msika wa Kabwata. Mwana amene sadzaphunzira Chinyanja cholembedwa sadzatha kuwerenga mabuku a ku Malawi ndi ku Zambia amene adalembedwa m'chiyankhulochi kwa zaka zoposa zana, ndipo kumeneko n'kumulanda cholowa chake. Chimene tikunena n'chakuti mphunzitsi ayambire pamene mwana ali. Alembe "bana" ndi "ana" pa bolodi moyandikana, ana aone okha lamulo limene likusiyanitsa mawu awiriwa, ndipo awauze nthawi imene lililonse limayenera. Mwana amene wauzidwa kuti mawu a amayi ake ndi olakwika amatseka pakamwa. Amene wauzidwa kuti pali njira ziwiri amafuna kudziwa yachiwiriyo.

6. Mawu Omaliza

Taona kuti Chongo adatha kuyankhula ndi omvera a mitundu iwiri nthawi imodzi popanda kutaya kuzama kwa chiyankhulo. Kusinthira omvera kumene tikukuyamikira pano n'kosiyana ndi kungotsanzira kayankhulidwe kawo pofuna kuwasangalatsa. Tikupempha ofufuza kuti alembe mwadongosolo malamulo a Chinyanja cha mu Lusaka, kuti olemba mabuku a makalasi oyamba adziwe mawu amene mwana wa m'tauni amabwera nawo ku sukulu. Tikupemphanso makoleji a aphunzitsi kuti aike nthano za Chongo pa mndandanda wa zophunzira, ndipo ophunzirawo azizisimba pamaso pa ana enieni.