Mkwatibwi wa Mphepo: Nkhope ya Wokondedwa Kapena Fano?

Chithunzi chimene Oskar Kokoschka wa ku Austria adajambula m'zaka za 1913 ndi 1914, chotchedwa Die Windsbraut, ndiye kuti Mkwatibwi wa Mphepo, chimasungidwa ku Kunstmuseum mumzinda wa Basel. M'menemo anthu awiri agona m'kanthu konga bwato losweka pakati pa namondwe: mmisiri mwini wake ndi Alma Mahler, mai wamasiye amene adakondana naye kuyambira mu 1912.

Msodzi wa ku Usisya, wodziwa m'mene mwera umavundulira nyanja m'nyengo yachisanu, sangavutike kuchimva chithunzichi. Utoto wobiriwira ndi wodera udapakidwa mokhuthala, mokhotakhota ngati mafunde. Amisiri a Expressionism sankalinga kufanizira nkhope monga ichitira kamera. Ankapotoza maonekedwe mwadala kuti zamumtima zioneke poyera.

Pa za iye mwini, Kokoschka adanena zoona zokhazokha. Ali maso, nkhope yaguga, zala zapiringizana ngati mizu, ndipo tikuona munthu woopa kulandidwa chimene wagwira. Apa luso lake tiliyamikira. Koma tikayang'ana Alma tikhumudwa: thupi lake nlosalala, wagona tulo, maso ngotseka. Mkazi amene adaphunzira kupeka nyimbo, wa maganizo akeake, wasanduka chinthu chongotsamira paphewa la mwamuna. Chithunzi chiulula wokonda, nkubisa wokondedwa.

Zimene zidatsatira zitichitira umboni. Alma adakwatiwa ndi Walter Gropius mu 1915. Mu 1918 Kokoschka adapempha Hermine Moos wa ku Munich kuti amsokere chidole cha msinkhu wa Alma. Adachijambula kangapo, napita pochidula mutu paphwando.

Msonkhano wachiwiri wa maepiskopi ku Nicaea, m'chaka cha 787, udaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapitirira kwa mwini nkhopeyo. Chithunzi chikautsekereza ulemuwo chasanduka fano, ndipo fano siliyankha, silikana, silichoka.

Ife ansembe ndi a m'seminale tisayese kuti nthenda imeneyi njachizungu. Pokonzekeretsa anthu ukwati timakumana ndi mnyamata wokonda mkazi amene wadzijambulira m'mutu, osati wamoyo amene wakhala pambali pake. Tsono tiwathandize awiriwo kuyang'anana maso ali otsekula, pakuti wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu sangakwane m'chifaniziro chimene munthu mnzake wampangira.