Sutikesi ya a Phiri m'manja mwa Pilato

Anthu a kumigodi ya Zambia, kumene eni ake amati ku Kopala, sakamba za nyimbo atakhala phee. Kaya ndi pabala ku Kanini mu Ndola, kaya ndi pamsika wa Chisokone ku Kitwe, nkhani ya woimba imayamba ndi kunyogodola, ndipo amene waseketsa anzake kwambiri ndiye wapambana mtsutso, ngakhale mfundo yake ikhale yotsimphina. Fumba Chama, amene Zambia yonse imamudziwa kuti Pilato, ndi mwana wa macheza amenewa. Anabadwa mu 1984, kwawo ndi ku Ndola, ndipo chimene anachita n'kunyamula nthabwala ya pabenchi n'kulowa nayo mu situdiyo osaisambitsa.

Ntchito yake imene ndimaisirira koposa ndi ya 2015, koma kuti tiimve bwino tiyambe tabwerera kwa Nashil Pichen Kazembe. Mkuluyu anali wa ku Luapula, koma dzina anakalipangira ku Nairobi, kumene ankaimba ndi mnzake Peter Tsotsi. M'zaka za m'ma 1970 anatulutsa "A Phiri Anabwera", nyimbo ya m'Chinyanja yokamba za mtchona amene watha zaka kutali, kenako n'kutulukira kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu. Nkhani imeneyi safuna womasulira. Ku Dedza, ku Mzimba, ku Chipata, pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi a Phiri akeake amene anapita ku Harare kapena ku Johannesburg n'kubwerako ndi jekete lokha. Anthu ankaivina nyimboyi akuseka, chisoni chili m'munsi.

Tsono mu January 2015 Edgar Lungu, phungu wa ku Chawama mu Lusaka, anapambana chisankho cha pulezidenti chimene chinachitika Pulezidenti Michael Sata atamwalira. Patangopita miyezi yochepa Pilato anatenga nyimbo ya Nashil n'kusinthamo zinthu zowerengeka: dzina la wobwerayo, kumene akuchokera, ndi katundu wa m'sutikesi. Wobwera uja anasanduka a Lungu, ochokera ku Chawama kupita kunyumba ya boma, ndipo sutikesi inadzaza mabotolo a mowa wa Jameson.

Luso lake lagona pa zimene sanakhudze. Woimba wosapsa akadalemba nyimbo yatsopano yodzaza ndi madandaulo a ngongole za boma ndi kugwa kwa kwacha, anthu n'kuimvera kamodzi, kugwedeza mutu, basi. Pilato anadziwa kuti nyimbo ya Nashil inali kale m'mutu mwa aliyense, kuyambira agogo mpaka kondakitala wa minibasi, choncho theka la ntchito analisiyira womvera. Gitala akangoyamba, munthu wakumbukira kale a Phiri, wakumbukira manyazi awo, wakumbukiranso kuti sutikesi ija munalibe kanthu. Ndiye ukamva kuti lero yadzaza mabotolo, khutu limamva ziwiri nthawi imodzi: yodzaza inde, koma yopanda kanthu chimodzimodzi. Chipongwe chenicheni amachimaliza ndi womvera mwini, ndipo n'chifukwa chake amaseka ngati walemba yekha.

Taonaninso momwe mayina awiriwo akukwanirana. Onse ndi a kummawa, onse ndi a mphatikizo ziwiri, moti latsopanolo linangokhala pampando wa lakale osasuntha kayimbidwe ngakhale pang'ono. Ndipo "a" waulemu uja anamusiya pomwepo. Pilato sakutukwana, akupereka ulemu wonse woyenera mkulu, ndipo ulemuwo ndi umene ukuluma. Aliyense amene anaonapo mlamu akugwadira mnzake mopitirira muyezo pamaso pa anthu akudziwa mmene zimawawira.

Pali china chimene Mmalawi angachiphonye. Ku Zambia kuli chimbuya, ubale wa nthabwala pakati pa Abemba ndi anthu a kummawa. Mbemba amanyoza wa ku Chipata kuti amadya mbewa, winayo n'kubweza kuti Abemba amadya anyani, ndipo ngakhale pamaliro amapakana ufa popanda wokwiya. Mnyamata woimba Chibemba cha pa Kopala akabwereka Chinyanja kuti agemule mtsogoleri wochokera kubanja la kummawa, anthu ambiri amamva kamvekedwe ka chimbuya chimenechi. Malemu a Lungu nawonso anabadwira mu Ndola n'kukulira ku Chimwemwe mu Kitwe, moti masewerawa sanali achilendo kwa iwo. Koma apolisi alibe mbuya. Mu June 2015 Pilato anamangidwa pa mlandu wochita zinthu zimene zikadasokoneza mtendere, ndipo mwezi wotsatira boma linauchotsa mlanduwo kukhothi. Pofika apo nyimbo inali italowa m'mafoni a anthu amene poyamba sankadziwa n'komwe kuti ilipo. Kutsatsa kwabwino chotere palibe woimba amene angakulipire.

Kumapeto kwa 2017 anatembenuza njira. "Koswe Mumpoto" sitchula munthu aliyense. Ikukamba za makoswe amene alowa mumphika n'kuyamba kudya za eni nyumba, basi. Apa msampha ndi wina: amene wakwiya wadziulula yekha. Anyamata a chipani cha PF, chimene chinkalamula panthawiyo, anakwiya ndithu, anamuopseza, ndipo mu January 2018 Pilato anathawira ku South Africa. Atabwerako mu May anamugwirira pabwalo la ndege ku Lusaka, pa mlandu wa zionetsero zotsutsa kugula galimoto zozimitsa moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Mu December chaka chomwecho khothi linamumasula pamodzi ndi a Laura Miti ndi anzawo amene anachita nawo zionetserozo.

Msewuwu analambula ndi ena. P.K. Chishala, wakhungu wa ku Kitwe amene anamwalira mu 1995, ankaseka abusa ndi akulu a mpingo pa kalindula wokoma moti onyozedwawo ankapezeka akuvina nawo, ndipo "Common Man" yake inalira kukwera kwa mitengo anthu ali pabwalo la dansi. Chishala anali ndi mawu okoma kuposa Pilato, izi n'zosatsutsika. Pilato kwenikweni ndi mlakatuli. Amayankhula kwambiri kuposa kuimba, ndi mawu ouma, osaseka nthabwala yake yomwe, ngati munthu amene akuwerenga chidziwitso cha maliro pawailesi. Kuuma kumeneko ndi chida. Akadaseka yekha, ife sitikadaseka.

Kwathu ku Malawi ntchito ziwirizi tinazigawa. Kudzudzula tinasiyira oimba ngati Lucius Banda ndi Evison Matafale, amene ankachita ndi nkhope yaukali, ndipo kuseketsa tinapatsa Izeki ndi Jakobo. Pa Kopala munthu mmodzi amasenza zonse. Ndinene poyera kuti Pilato nayenso akasiya nthabwala n'kuyamba kulalikira za ufulu ndi umphawi mwachindunji, nyimbo zake zimalemera, zimasanduka msonkhano. Ngakhale "Bufi", imene anaimba ndi Petersen Zagaze mu 2013 pokumbutsa a Sata malonjezo awo a masiku 90, imakoma pamene ikugemula, osati pamene ikuwerenga milandu.

Mu 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasankha Fumba Chama kukhala mlembi wamkulu woona za luso mu unduna wa achinyamata, masewera ndi luso. Munthu amene apolisi ankamudikira pabwalo la ndege analowa mu ofesi ya boma, tayi ali m'khosi. Ena anati ndi mphotho yoyenera, ena anati boma lapeza njira yaulemu yotsekera pakamwa. Ine chimene ndikuona n'chakuti dzina lakuti Chama nalonso ndi la mphatikizo ziwiri, ndipo ku Chifubu ndi ku Masala mu Ndola kuli anyamata ambiri amene ali ndi kompyuta, maikolofoni ndi nthawi.