Za Masewero a ku Chirunga

Abale ambiri m'mipingo yathu afunsa ngati nkoyenera kuti Mkristu apite kukaona zisudzo, ndipo ena ayankha msanga kuti zonsezo nzachabe, zoseketsa ana. Ife tiyesa kuti tiyambe tafunsa china, ndicho chakuti sewero labwino tilizindikira ndi chiani. Pofuna kuyankha sitidzapita kutali, pakuti anthu a pa Chinamwali akhala zaka zambiri moyandikana ndi gulu lina la zisudzo limene nchito yache itiphunzitsa zambiri.

Sukulu ya Chancellor College, imene kuyambira 2021 itchedwa University of Malawi, idachoka ku Blantyre nidza ku Chirunga mu 1973, pamalo poti munthu wa pa Chinamwali afikapo ndi miyendo. M'sukulumo mudali gulu la ophunzira lotchedwa Travelling Theatre, ndiko kunena gulu la zisudzo loyendayenda, ndipo aphunzitsi monga James Gibbs, David Kerr ndi Christopher Kamlongera adalitsogolera pa nthawi zosiyana. Masewero ache adali a mitundu iwiri, ndipo tifuna kuyesa mitundu yonse iwiriyo.

Mtundu woyamba udali wa masewero olembedwa m'Chingerezi. Lomveka koposa ndilo The Rainmaker, la Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba komwe kuno, limene lidasindikizidwa ku Limbe mu 1978. Linena za Mbona, uja makolo amati adagwetsa mvula pamene akulu adalephera, nachitidwa nsanje, nathawa, naphedwa, ndipo kachisi wache ali ku Khulubvi, ku Nsanje. Mkristu asaope nkhani iyi ngati kuti imkokera ku nsembe za mizimu. Chimene ionetsa poyera ndicho mtima wa munthu waulamuliro amene sakhoza kupirira mnzache wa mphatso yoposa yache. Masiku amenewo lamulo la 1968 lidafuna kuti sewero liri lonse liyambe laonedwa ndi bungwe la boma, la Censorship Board, lisanachitidwe pamaso pa anthu. Chotero olemba adaphunzira kubisa mau ao m'nkhani zakale, kuti wakumva amve. Luso limeneli tiliyamika. Koma chilema chache nchachikulu: amai ogulitsa masamba pamsika pa Chinamwali, amene nkhani ya mvula ndi chilala aidziwa koposa ophunzira onse, sakadatha kutsata mau ache. Nkhani idali yao, koma khomo lidali lotseka.

Mtundu wachiwiri udayamba kukula mu 1981, pamene gululi lidapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, nilipanga masewero m'zinenero za anthu a komweko, osalemba mau onse papepala. Kuyambira 1985 lidagwira nchito pamodzi ndi a zaumoyo a ku Liwonde, m'midzi monga ya ku Mwima, ndipo sewero lina lidatchedwa Chitsime, lonena za madzi akumwa ndi kasamalidwe ka zitsime. Machitidwe ache adali otere: ochita sewero amayamba acheza ndi eni mudzi, namva madandaulo ao ndi nyimbo zao, ndipo pamenepo amaumba nkhani. Pofika pakati, nkhani itavuta, mmodzi amatembenukira kwa oonera nawafunsa chimene munthu wa m'sewero uja ayenera kuchita. Anthu amayankha, natsutsana, ndipo mlandu wa m'sewero umasanduka mlandu wa mudzi, monga pabwalo la mfumu. Pambuyo pache eni mudzi ena adayamba kupanga masewero ao okha.

Apa ndipo tiona mphamvu yeniyeni ya sewero, ndipo owerenga Mau a Mulungu sadzadabwa nayo. Pamene Davide adachimwa pa mkazi wa Uriya, mneneri Natani sadayambe ndi chidzudzulo. Adamfotokozera nkhani ya munthu wosauka wa kamwana ka nkhosa kamodzi, kamene wolemera adalanda. Mfumu idapsa mtima niweruza mlanduwo, ndipo poweruza idadziweruza yokha. Sewero labwino lichita chomwecho. Liika mlandu pamaso pa munthu nilimleka aweruze, pakuti chiweruzo chotuluka m'kamwa mwache sachiiwala msanga, monga aiwalira cha mlendo.

Komatu sitinena kuti mtundu wachiwiriwu udalibe chilema. Ophunzira amadza pa galimoto nabwerera madzulo, ndipo mutu wa nkhani udasankhidwa ndi iwo amene adapereka ndalama. Ndiponso m'masiku a chipani chimodzi, amene adatha mu 1994, mafunso adali ndi malire: kudali kotheka kufunsa za iye wosasesa pachitsime, koma za akulu a boma kudali koopsa. Chilema choposa chidaoneka pambuyo, mabungwe ambiri atatengera njira iyi. Taona masewero a m'misika amene afunsa anthu funso yankho lache litakonzedwa kale, ndipo oonera adziwa mau amene alendo afuna kumva, nawapatsa mwaulemu, nabwerera kwao osasinthika. Taonanso masewero amene munthu wa kumudzi amsandutsa chitsiru cha zigamba kuti anthu aseke, ndipo wanzeru akhala wa nsapato wochokera ku tauni. Kuseka sikuipa, koma kuseka kumene kuchititsa manyazi mwini mudzi sikumanga kanthu.

Mau awa tiwanenera makamaka achinyamata a m'mipingo yathu, amene achita masewero pa Krisimasi, pa Paskha ndi pa misonkhano yao. Kawirikawiri woipa wa m'masewero ao aipa kuyambira pachiyambi, aledzera nagwa m'fumbi, ndipo pomariza mlaliki adza nanena zonse zimene tidadziwa kale. Wokhala pa benchi aseka, nayesa kuti nkhaniyo nja mnzache. Bwanji osatenga mlandu umene uvutadi mudzi: chuma cha amasiye cholandidwa ndi achibale, malire a munda, ngongole ya katapila, mkulu wa mpingo wokondera mbale wache? Woipayo mumpatse zifukwa zache, zonga zimene ife tomwe tidzikhululukira nazo. Ndipo pofika povuta, imani, mufunse anthu, nimupirire ngakhale ayankhe chimene simudachiyembekeze.

Tsono kwa iye wofunsa ngati apite kukaona sewero, titi pitani, koma pobwera mudzifunse ngati mwangoseka munthu wina, kapena mwaweruza mlandu umene ukhudza nyumba yanu. Ndipo akulu a mpingo asaletse achinyamata nchito iyi. Makamaka akhale nao pokonza nkhani, pakuti milandu ya mudzi aidziwa ndiwo.